Akuti Ndi Maola Seveni Okha

Sindikumbuka chaka chimene ndinachoka kwathu. Chimene ndikukumbuka n'chakuti anthu onse a pabanja pathu anali atameta mipala, ine ndekha ndili ndi tsitsi.

Zinayamba ndi munthu wa nsapato zonyezimira, a Kaphwiti, amene anabwera m'mudzi mwathu kudzalemba atsikana ntchito za m'nyumba ku dziko la mchenga, kutsidya kwa nyanja yamchere. Mng'ono wanga Zelipa anatengeka mtima. Mwanayo ndinamulera ndine amayi atatisiya, ndipo ndinamubereka kumsana mpaka zidendene zake zinayamba kundimenya kuseri kwa mawondo. Ndiye nditamva kuti akufuna kupita, ndinafunsa funso limodzi lokha, loti kumeneko n'kutali bwanji.

A Kaphwiti anaseka ngati ndafunsa njira ya kuchitsime.

"Mayi, ndi maola seveni okha pa ndege. Kuchoka pabwalo la kuno kukatera pabwalo la uko, seveni. Inuyo kuboma pa ngolo mumayenda nthawi yotani? Akamva mutu m'mawa, madzulo mukudya naye limodzi pano."

Amalume, amene anali mwinimbumba wathu, anagwedeza mutu kuvomereza. Sindiwanena. Kwathu mtunda timauyeza ndi dzuwa. Kumene ungafike lisanalowe timati ndi pafupi, ndipo kumene ungagone panjira timati n'kutali. Munthu uja anaudziwa muyezo wathu, n'chifukwa chake sanatchule mitunda, anangotchula maola. Tinamuperekeza Zelipa mpaka pamsewu ngati akupita kwa azakhali.

Poyamba ankaimba foni akuseka, kutiuza kuti madzi a kumeneko amatuluka pampopi atatentha kale. Kenako anayamba kulankhula monong'ona. Anati pasipoti anaisunga abwana, chitseko amakhoma akamachoka, ndipo miyendo ikumutupa. Ndinamuuza kuti abwerere, iye n'kuti, "Achemwali, ndidzere pati?" Zitatero foni inasiya kulira. Patapita nyengo, a Kaphwiti anaimbira amalume kuti Zelipa watisiya atadwala pang'ono, koma tisadandaule, thupi lifika mawa.

Adzukulu analawirira kumanda kukakumba. Amayi a m'mudzi anaphika, kwaya inaimba mpaka mawu kusasa, ndipo aliyense maso anali kumsewu. Dzuwa litapendeka tinaimbira a Kaphwiti, foni yawo n'kupezeka yotseka. Apo akuluakulu anati manda sagona chiyasamire. Anadula thunthu la nthochi kuseri kwa nyumba ya amalume, n'kulikulunga m'chitenje cha Zelipa, n'kulitsitsira m'dzenjemo mwaulemu wonse.

"Ameneyo si Zelipa," ndinatero.

"Tikudziwa, mwana wa mlongo wanga," anayankha amalume. "Tikungotseka pakamwa pa nthaka. Thupi likabwera tidzakumba ena."

Silinabwere. Tsiku lometa litakwana, ndinawakanira lumo. Ndinati sindingametere nthochi, ndidzameta nditamugoneka mng'ono wanga pafupi ndi amayi. Ena anati ndine wamwano, ena anati chisoni chandisokoneza mutu. Ine ndinamanga duku, n'kutenga kachikwama, n'kupita kukafuna njira yomubweretsera.

Ndinafika m'tauni ya mabasi, kumene a Kaphwiti ankati kuli ofesi yawo. Khomo ndinalipeza, koma mkati munali mayi wogulitsa nsapato za kaunjika, amene anati dzinalo sanalimvepo. Njala itandipana ndinapeza ntchito pa depoti. Ntchito yake inali yokhala. Mkulu wa oitanira, a Jailosi, ankatikhazika m'minibasi yopanda anthu, aliyense ndi kathumba pamiyendo, kuti wapaulendo akasuzumira aziona ngati yatsala pang'ono kudzaza. Akakwera weniweni mmodzi, mmodzi wa ife ankatsika ngati waiwala chinthu. Panja oitanira ali pakalikiliki, yanyamuka, yanyamuka, injini ikulira koma matayala ali chiimire.

Tsiku lina ndinawafunsa a Jailosi ngati n'zoona kuti ku dziko la mchenga ndi maola seveni. Anatafuna nzimbe yawo, n'kulavula.

"Seveni? Mlongo, nafenso ulendo wa tsiku lonse timati maola awiri. Ukanena zoona akwera ndani?"

Ndinakwiya, koma ndinakhalabe pampando, pakuti mkwiyo sukhutitsa. Ndinakhala miyezi yambiri ndikupita kumatauni onse a dziko lino osasuntha phazi. Kenako kunakwera mayi wina ndi kontena ya phala, akuthamangira kuchipatala nthawi yoona odwala isanathe. Ankangoyang'ana dzuwa pawindo. Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti atsike, iyi sinyamuka posachedwa, tonse tili munomu ndife mipando chabe. Anatsika. Nanenso ananditsitsa, ndipo a Jailosi analamula kuti asadzandionenso pa depotipo.

Ndinayenda mpaka ndinapezeka pa esiteti ina ya m'chigwa, kumene ankalima zitheba zogulitsa kunja. Kumeneko ndinaphunzira kusankha. Kapitawo wathu, mayi Nasibeko, anatiphunzitsa kuti chitheba chopita pa ndege chizikhala chowongoka, chosalala, chotalika ngati chala chapakati. Chopindika tinkachiponya m'dengu la nkhumba. Zosankhidwazo tinkazigoneka m'makatoni mosamala, mitu kuloza kumodzi, n'kuzilowetsa m'chipinda chozizira. Ukagwetsa katoni, esiteti yonse inkamva dzina lako.

Tsiku lina mayi Nasibeko, pofuna kutifulumizitsa, anati tichite changu chifukwa zithebazi mawa zikhala zili pambale ku dziko la mchenga. Manja anga anaima. Ndinawafunsa kuti zimayenda nthawi yaitali bwanji, ndipo anati ndege ya katundu imatenga maola seveni kapena kupitirira pang'ono. Ndinafunsanso kuti ikatsitsa zitheba imabwerako ndi chiyani. Anati amva kuti imabwera ndi mafoni ndi zitsulo za galimoto.

"Ndiye pakati pa mafoniwo sipangapezeke kangodya ka mtsikana mmodzi wowonda?"

Anangoti ndibwerere kuntchito. Sanali munthu woipa. Madzulo ake anandipatsa zitheba zopindika zodzaza chitenje kuti ndikaphike. Koma kuyambira tsikulo katoni iliyonse inkandipsetsa mtima. Chitheba chinali ndi wochiyang'anira kuchoka m'munda mpaka pakamwa pa wochidya, chinali ndi chipinda chake chozizira ndi galimoto yake yosachedwa. Akanati chimodzi chasowa panjira, mafoni akanalira mbali zonse ziwiri za nyanja. Mwana wa amayi anga ndiye analibe womufunsa. Nyengo yokolola itatha anatiuza kuti tibwerenso chaka chamawa, koma ine sindinabwererenso.

Kenako ndinakhala m'mudzi wa paphiri, ndikutungira madzi mphunzitsi wina wopuma ntchito, a Chidzanja, amene maso anali atayamba kuchita khungu. Pawindo pawo panali mpira wa dziko lapansi, wosuwa mbali yoyang'ana kudzuwa. Nditawafotokozera za Zelipa, anandituma kukatenga ulusi. Anandigwiritsa nsonga imodzi pamene anati ndi kwathu kuno, n'kukokera inayo mpaka pamalo achikasu, n'kudula ndi mano. Anati umenewo ndiwo mtunda wake, ndipo pansi pano ndi makilomita zikwi zingapo, oti munthu woyenda pansi angafike mvula itagwa n'kukata, ngati nyanja itamulola kuoloka.

Ulusiwo ndinaukulunga pachala, ndipo unazungulira kawiri kokha. Sindinadziwe kuti ndikwiyire uti, waufupi wa pachalawu kapena wautali wa mvula uja. Onsewo akuti ndi oona.

A Chidzanja anandiuzanso chinthu china chimene chinandisowetsa mtendere. Anati nthawi ya kumeneko si ya kuno. Dzuwa limayamba kutulukira iwo, ndipo kuno tikamati kwacha, iwo amakhala atagwira kale ntchito. Ndiye kuti pamene Zelipa ankatsirizika, ola limenelo kwathu linali lisanafike. Mwina ndinali kudimba ndikuimba nyimbo, imfa yake ili panjira kubwera ndi dzuwa. Ndinati kani ngakhale dzuwa limayambira kwa olemera. A Chidzanja anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti si choncho, ndi mmene dziko limazungulirira. Ine sindinaseke nawo. Ana awo atabwera kudzawatenga kuti azikakhala nawo kutauni, mpirawo anaupatsa ana a m'mudzi, ndipo tsiku lomwelo anayamba kuumenya pabwalo.

Ndinatsikira mumzinda waukulu. Kumeneko kuli nyumba ya makwerero ambiri kumene anandiuza kuti amaona za anthu athu okhala kunja. Ndinakwera makwererowo kambirimbiri. Nthawi iliyonse ndinkapeza munthu wina patebulo, koma yankho linali limodzi, loti nkhani yanga ili m'manja abwino, ndibwere mawa. Mawa ameneyo ndinali nditamudziwa kale. Ndi yemwe uja anatikumbitsa manda.

Podikira mawa ndinagwira ntchito mumsewu wa okhoma mabokosi a maliro, kwa a Bizweki. Ine ndinkayala nsalu yoyera mkati mwa bokosi, kuipinda m'mbali kuti misomali isaoneke, ndi kusoka kapilo. A Bizweki ndi amene anandiuza mmene wakufa amakwerera ndege. Anati samukhazika pampando. Amamutsekera m'bokosi la malata lomata bwino, n'kuliika m'lina lathabwa, n'kulikweza pa sikelo ngati thumba la chimanga, kenako amalilowetsa m'mimba mwa ndege pamodzi ndi masutukesi. Koma choyamba pamafunika munthu kumeneko woimirira n'kunena kuti uyu ndi wanga.

Ndili komweko, kunamveka kuti mkulu wina wa mashopu ambiri wamwalirira kuchipatala cha ku dziko lomwelo la mchenga. Uthenga unafika Lachiwiri, ndipo Lachinayi galimoto zinadutsa mumsewu wathu zitayatsa nyali masana, bokosi lili pakati pa nkhata za maluwa. Tonse tinaimirira, amuna atavula zipewa. Nanenso ndinaima, chifukwa maliro ndi maliro. Koma mumtima ndinkatukwana, ndipo sindibisa. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti a Kaphwiti sananame zonse. Maola seveni aja alipodi, kungoti ali ndi eni ake.

Tsitsi langa linali litayamba imvi pansi pa duku pamene ndinafika kumudzi wa pafupi ndi bwalo la ndege. Ndinalembedwa ntchito yotchetcha udzu kunja kwa mpanda wa waya, m'mbali mwa msewu wolowera kubwaloko. Ndinaphunzira kunola chikwakwa pamwala ndi kuzindikira ndege ndi kulira kwake ndisanaione. Ikamatera ndinkaima n'kuyang'ana mimba yake, osati mawindo. Anzanga ankandiseka kuti ndikudikira mwamuna wa ku Joni, ine n'kumangowasiya.

Tsiku lina m'mawa kunatuluka amayi angapo pageti, akuyenda pansi, opanda wowachingamira. Anali owonda, atanyamula majumbo m'malo mwa masutukesi. Mmodzi anaima pafupi ndi pamene ndinkatchetcha n'kupempha madzi. Ndikumupatsa botolo ndinamulonjera, ndipo iye anandiyang'anitsitsa pakamwa. Ine ndi Zelipa tinatengera amayi mpata wa pakati pa mano.

"Pepani amayi," anatero, "kodi munali ndi m'bale wanu dzina lake Zelipa?"

Tinakhala pansi paudzu womwe ndinali nditatchetcha. Dzina lake anali Filesi. Anagwira ntchito m'nyumba yoyandikana ndi ya Zelipa, ndipo ankalankhulana pampanda akamayanika zovala. Anandiuza zonse mosafulumira. Zelipa anadwala miyezi, akugwirabe ntchito, mpaka anagwa m'khitchini n'kumwalira. Anamuika m'manda tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, kumanda a alendo kunja kwa mzinda. Pamene a Kaphwiti ankatiuza kuti thupi lifika mawa, mng'ono wanga anali atagona kale m'nthaka. Kunalibe bokosi la malata, kunalibe chipinda chozizira chimene ankadikiramo. Zaka zonsezi ndinkayang'ana mimba za ndege pachabe.

Ndinafunsa ngati anamusambitsa, ndipo Filesi anati anamusambitsa iye ndi mnzake wina wa kuno, abwana atawalola kuchoka masana amodzi. Ndinafunsa ngati anamuimbira, anati anaimba motsitsa mawu. Kenako ndinafunsa chimene munthu wa kwathu sangaleke kufunsa. Kwathu wakufa timamugoneka mutu utaloza kumene anachokera, kuti mzimu wake usasochere pobwerera.

"Mutu munaulozetsa kuti?"

Filesi anagwira chitenje chake n'kuyamba kuchipotokola.

"Amayi, pamenepo ndi pamene pandivuta. Okumba manda anali amuna a dziko lina, anatifunsa ndi manja kuti mutu kuti. Ife sitinkadziwa kumene kuli kwathu. Kumeneko kulibe phiri, kulibe mtsinje, mchenga wokhawokha. Koma tinkaidziwa ndege imene inatibweretsa, ya mchira wobiriwira. Tsiku lililonse inkadutsa pamwamba pa nyumba zathu n'kukhotera mbali imodzi. Tinati uko ndiye kwathu. Tinamulozetsa kumeneko."

Ndinati anachita bwino, koma iye anapukusa mutu.

"Dzana ndakwera ndege yomweyo. Inakhoteradi mbali yomweyo, koma sinabwere kuno. Inakatera ku dziko lina lozizira, la mapiri, n'kutitsitsa. Tagona pansi m'bwalo la kumeneko tsiku lathunthu kudikira ina. Popita tinadzeranso pomwepo, koma anatithamangitsa kuchoka ndege ina kulowa ina, sitinadziwe kuti njira yapindika. Amayi, ife anthu palibe ndege yotitenga molunjika. Tinamulozetsa kwa eni."

Anayamba kulira, akupepesa. Ndinamugwira dzanja. Filesiyu anachita zimene ine ndinalephera kuchita, ndipo ndi iye amene ankapepesa, pamene amene anamugulitsa Zelipa ndi amene anamukhomera chitseko sanapepesepo. Ndinamuuza kuti sanalakwe. Aliyense wochokera kumeneko amadzera pomwepo, ndiye anamuika panjira yoyenera. Ngati akudikira pabwalo lozizira lija, kudikira sikwachilendo kwa ife.

Koma sindikanatha kungoimirira n'kupitiriza kutchetcha. Mng'ono wanga anali asanaliridwe ndi munthu wodziwa kuti wamwaliradi. Ndinatenga chikwakwa n'kupita pamtengo wa keshya wa m'mbali mwa msewu, n'kusadza nthambi za masamba aawisi. Ndinaziyala pamsewu wa kubwalo la ndege, zina cha kumtunda, zina cha kumunsi, monga timachitira pakhomo pakagwa zovuta kuti odutsa adziwe. Kenako ndinakhala pansi pakati pake, m'mphepete mwa phula, n'kutambasula miyendo, n'kuyamba kulira maliro a Zelipa mokweza, kumutchula dzina lake ndi la amayi. Filesi anakhala pambali panga. Anzake aja anabwerera n'kukhala nafe, ndipo anzanga otchetcha anaika zikwakwa pansi.

Mlonda wa pageti anabwera akuthamanga, ndodo ili m'manja, akufunsa kuti ndani wataya zinyalala pamsewu wa mabwana. Atamva kuti ndi maliro anaima, n'kuyang'ana kugeti, n'kuyang'ana ife. Anavula chipewa n'kunena motsitsa kuti tisachedwe.

Wanjinga anatsika n'kumaikankha. Galimoto zazikulu za magalasi akuda, zimene sindinazionepo zikuyenda pang'onopang'ono, zinadutsa ngati zanyamula mazira, ngakhale eni ake ankathamangira ndege. Kenako inafika minibasi yodzaza atsikana ovala malaya ofanana, tsitsi loluka kumene, aliyense atakumbatira kachikwama katsopano. Kutsogolo kunakhala bambo wa tayi amene sindinamuonepo, akuuza dalaivala kuti aponde moto, achedwa. Dalaivalayo anati iye sangathamange pamasamba, ndipo anaimiratu chifukwa galimoto ya patsogolo pake inali itaima.

Mtsikana wa pawindo anakankha galasi. Anali wamng'ono, wa masaya odzaza.

"Pepani amayi. Atisiya ndani?"

"Mnzanu," ndinamuyankha. "Anapita kumene mukupitako."

Bambo wa tayi anatembenuka n'kumuuza kuti atseke windo. Mtsikanayo sanatseke. Anayang'ana ine, anayang'ana Filesi ndi mikono yake yowonda ndi jumbo lake.

"Koma akuti ndi pafupi," anatero.

Filesi anaimirira, n'kupita pawindopo, n'kufunsa mtsikanayo kuti pasipoti yake ili kuti. Mtsikanayo analoza chikwama cha bambo wa tayi. Galimoto ya patsogolo inayamba kusuntha, ndipo bamboyo anamenya dalaivala paphewa. Apo ndinamva mtsikana uja akulankhula momveka mpaka kumpando wakumbuyo.

"Adalaivala, taimani kaye. Nditsike ndikapepese maliro."